Khofi Amene Sanamwedwe kwa Abu Salim

Khitam ndinakula naye kuno ku Mazar, makomo athu oyang'anana. Ngati dzinali simulidziwa sindidabwa. Mkazi timamuitana ndi dzina la mwana wake wamwamuna, ndiye poti iye anabereka wamkazi yekha, Ghadir, mudzi wonse umangoti "wa kwa Abu Salim", ngati akunena mbuzi. Zimandinyansa.

Khitam anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu, mwamunayo, Abu Salim, ali ndi makumi asanu ndi limodzi, atangoika maliro a mkazi wake woyamba. Tsiku lofunsira, amuna anadzaza chipinda cha alendo. Abu Salim anaika kapu ya khofi pansi osalawa, kudikira kuti bambo a mtsikana anene kuti "imwani", pakuti liwu limenelo likatuluka mwana wapita. Ine ndi Khitam tinali kuseri kwa chitseko, iye akulira ataluma mpango. Liwu lija linatuluka.

Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mkuluyo mutu unasokonezeka kalekale. Khitam amamusambitsa, kumumeta, kumudyetsa ndi supuni, koma iye amamuitana kuti Tamam, dzina la malemu mkazi wake woyamba uja. Ulemu wa alendo wokha ndi umene unatsala. Aliyense wolowa, ngakhale wodzakonza mpopi, amangomukuwira, "Imwani khofi wanu!" Tinkaseka nazo.

Kuseka kunatha pamene Salim, mwana wa malemu, wamkulu kuposa Khitam yemwe, ananena kuti mnzake Abu Mansur wogulitsa matayala, imvi mbuu, akufuna Ghadir.

"Mwanayu ali pasukulu, Salim," anatero Khitam.

"Sukulu amadya? Inu akazi a bambo, konzani khofi basi. Abwera Lachisanu tikatuluka kumzikiti."

Sabata imeneyo Khitam anaonda ndikumuona. Ankagwada pafupi ndi khutu la mwamuna wake n'kumati, "Abu Salim, akabwera alendo musanene kuti imwani. Mwamva?" Nkhalambayo inkangomwetulira, "Inde Tamam, alendo amwe." Ghadir anasiya kudya, mabuku anawaika pansi pa matiresi ngati wina amulanda.

Lachisanu masana magalimoto anaima pakhomo. Tinakhalanso kuseri kwa chitseko, atatu tsopano. Tinamva kapu ikugunda tebulo. Wotsogolera gulu anayala mawu ake aatali, kenaka anati, "Sitimwa mpaka mutipatse chimene tadzera, mwana wanu akhale wa Abu Mansur."

Khitam anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa. Ghadir anaphulika kulira, mayi ake n'kumutseka pakamwa ndi mpango.

"Bambo, alendo akudikira," anatero Salim mokweza.

"Mkwati ndi uti?" nkhalamba inafunsa. Ndikhulupirira anamuloza, chifukwa inapitiriza, "Iwe? Ndi ndevu zoyerazo? Ayi. Mwanayo ndi wamng'ono. Simukumva Khitam akulira kuseri kwa chitseko? Ine ndikumumva. Musamwe."

Dzina la mkazi kutchulidwa pagulu la amuna! Ena anatsokomola, ena anayamba kufunafuna nsapato. Posakhalitsa magalimoto analira. Salim anadutsa kukhitchini, maso ali psuu. "Bambowa sakhala muyaya," anatero, n'kumenyetsa chitseko. Tonse tikudziwa kuti bambo ake akadzatsinzira, mwini mawu ndi Salim yemweyo, ndipo chifuwa chilichonse cha mkuluyo masiku ano chimatiimitsa mtima.

Ine ndinkafuna kululuta. Khitam ayi. Anatola kapu ija, khofi atazizira, n'kuima nayo pasinki osaitsuka.

"Fidda," anandiitana chapansipansi, "ndiye kuti tsiku lodzandifunsira lija anandimva."

Ndinamuyandikira, iye n'kupitiriza.

"Anandimva ndikulira, koma anamwa."

Kuchipinda nkhalamba inayamba kuitana Tamam. Khitam anataya khofi uja, napita kukamusintha zovala.