Chidole Chogona Kuseri kwa Nyumba

Ku Mpingwe amati ukafuna kuona pabalaza pamene ngakhale ntchentche imayamba yaodira isanatere, upite kwa Mayi Gertrude Alufandika. Mayiwa anabadwira ku Nsanje, anabwera m'tauni ali mtsikana, ndipo anatayipa makalata mu ofesi ina ya pakati pa Blantyre mpaka imvi mbuu. Banja analowamo kamodzi koma silinawayanje, mwana sanakhale naye. Chikondi chonse anachithira pa nyumba. Masofa awo anali adakali m'mapulasitiki, mbale za m'kabati zinali zisanalawepo ndiwo, ndipo mlendo ankakhala kunsonga kwa mpando ngati wadzapepesa mlandu.

Koma anali ndi kamatenda kawo: tinthu ting'onoting'ono. Loweruka likafika ankatsikira ku Limbe kukafukula milu ya zidole za kaunjika, n'kubwerako ndi kakapu kokwana pachala kapena kawotchi kosayenda. Anzawo a Mvano ankawaseka kuti ukalamba wawabwezera ku umwana. Iwo ankangoti, "Inu mumaweta nkhuku, ine ndimaweta izi. Zangazi sizifuna madeya."

Kenaka m'nyumbamo munabwera Ndaziona, mwana wa malemu mchimwene wawo, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ake ankagwira ntchito yapakhomo kwa bwana wina ku Namiwawa, ndipo atamwalira nawonso, mwanayo anafika kwa azakhali ake ndi jumbo ya zovala ndi kachidole ka nsanza. Ulemu wake unali wochititsa mantha. Ankadyera pansi kukhitchini, akaitanidwa ankagwada pakhomo la pabalaza osalowa, ndipo kuseka kwake palibe amene anali atakumvapo. Poyamba a Gertrude ananyadira kuti mwana ndi uyu. Koma amalume a mwanayo atabwera kuchokera ku Chikwawa kudzamuona, ananena mosapsatira kuti akadzamupezanso ali ndwii chomwecho pa holide, adzapita naye kumudzi. A Gertrude mtima unawapweteka, chifukwa kamwanako anali atakakonda kale, kungoti sankadziwa polowera.

Anaganiza zomupezera kanyumba ka zidole. M'sitolo ya a Hamdani ku Limbe anawaonetsa kapulasitiki kapinki, kosanja, kokhala ndi chumuni. "Chumuni, kutentha kwa Okutobala kuno? Nanga khonde lili kuti? Mlendo afikira pati?" Anatuluka akupukusa mutu, ulendo wa kwa a Friday, kalipentala wa ku Chinyonga, n'kukawauza kuti awakhomere kanyumba ka zidole, nyumba yofanana ndendende ndi yawo, khonde ndi malata omwe, koma yokwana patebulo.

Zam'kati anakonza okha, magalasi ali pamphuno. Masofa anapanga ndi mabokosi a machesi okutidwa ndi zidutswa za chitenje, n'kuwalukira timadoyilo. Mbaula inali chitsekerero cha botolo. Kakapu kaja ndi kawotchi kaja zinapeza kwawo. Pomaliza anakhazika pasofa chidole cha mzimayi wa chikwama m'manja, n'kuitana mwana.

Ndaziona anazungulira kanyumbako, maso ali tong'o. Anasuzumira pawindo lililonse, manja ali kumbuyo. Kenaka anathamangira kuchipinda, n'kubwera ndi kachidole kake ka nsanza ndi bokosi la sopo. Bokosilo analiika kuseri kwa kanyumbako, n'kugonekamo kachidoleko.

A Gertrude anadabwa. Madzulo anakalowetsa okha kachidoleko m'chipinda cha kanyumbako chokhala ndi kabedi, koma kutacha anakapezanso kali m'bokosi. Anaganiza kuti mwina kabedi kachepa, ndiye a Friday anakhoma kena. Sizinasinthe. Anayamba kumuonerera mwanayo mobisala kuseri kwa katani, ngati munthu wodikira nkhuku yoikira patchire. Anaona kuti m'mawa kachidole ka nsanza kamalowera khomo lakumbuyo, kukolopa, kupukuta tebulo, kugwadira mzimayi wa chikwama uja, basi n'kubwerera m'bokosi.

Tsiku lina analephera kupirira. Anakhala pansi, mawondo akulira.

"Iwe Ndaziona, mnzakoyu bwanji amagona panja, nyumba yonseyi?"

"Si panja, azakhali. Ndi kuboyizi."

"Nanga m'nyumbamu?"

"M'nyumba ndi mwa madamu. Ife timalowa tikaitanidwa. Pasofa amakalipa."

"Madamu akewo ndi ati?"

Mwanayo analoza chidole cha chikwama, kenaka diso lake linapita kwa azakhali ake, n'kugwera pansi. A Gertrude anayang'ana mapulasitiki a masofa awo, ndipo anachita manyazi amene anali asanachitepo chibadwire.

Anatola chidole cha chikwama chija, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono patebulo mpaka kuseri kwa kanyumba.

"Odi kuno!"

Ndaziona anazengereza. "Odini," anayankha ndi timawu ta kachidole.

"Kuli malo kuno? Kunyumba kwakuluko ndili ndekha, ndikusowa wocheza naye."

Mwanayo anayeza bokosi lija ndi maso, nkhope ili yofatsa ngati ya munthu wamkulu. "Simukwanamo. Ndi mothina, komanso mumadontha." Kenaka anayang'ana kanyumba kaja. "Bola tipite kwanuko."

Zidole ziwirizo zinazungulira limodzi mpaka kukhonde. Pakhomo lakutsogolo ka nsanza kanaima, kakudikira. A Gertrude anadzuka n'kugwira pulasitiki wa sofa yawo yeniyeni, amene anakhalapo chigulire, n'kumukoka mpaka kung'ambika kwee. Anakhala pamenepo n'kumenya kamalo ka pambali pawo ndi chikhatho.

Ndaziona anayang'ana sofayo, n'kuyang'ana mapazi ake. Anawapukuta pa siketi, limodzi kenaka linzake.

"Mukandikalipira ndidzatsika," anatero, akukwera ndi kachidole kake m'manja.