Mpeni Wonoledwa Mbali Imodzi

Mpeniwo mkazi wanga anaugula pamsika wa Mponela, kwa bambo wina wogulitsa matochi, maloko ndi zingwe zotchajira mafoni. Bamboyo ankautcha mpeni wa gulugufe. Unali ndi zigwiriro ziwiri zachitsulo zotseguka ngati mapiko, ndipo ukazipinda zinkabisa mpeni wonse mkati. Anauzunguza m'manja kawiri katatu, ukulira tcheketcheke, anthu odutsa n'kuyamba kuima.

Ine ndinautenga n'kuuyang'anitsitsa. Penti wake wakuda anali atayamba kale kusupuka. Timisomali tiwiri togwira zigwiriro tinkagwedera. Kachitsulo kotsekera kumapeto kanali kopyapyala moti ukanatha kukapinda ndi chala.

"Ichi n'choseweretsa," ndinatero. "Sichitha mwezi."

"Aphunzitsi, inu mukagule wanu wa kukoleji," anayankha mkazi wanga, akumasula kale mfundo ya chitenje. "Ine ndikufuna woti ndiziyenda nawo m'thumba osandicheka ntchafu."

Unakhala m'manja mwake zaka zinayi.

Tinkakhala kwawo, m'mapiri a Ntchisi, ine ndili mkamwini, ndikuphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya kutsidya kwa dambo. Iye ankamezanitsa mitengo. Ankafesa njere za mapeyala m'machubu, mbande zikanenepa kufika ngati pensulo n'kuzidula mutu, kuzing'amba pang'ono pakati, kulowetsamo kanthambi ka mtengo wabwino kosemedwa mbali ziwiri, kenako kumanga ndi timizere ta pepala la shuga. Tinthambito ankadula mumtengo umodzi wokha, wa kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Mapeyala ake ndi a njere yaing'ono, mnofu wambiri, wopanda ulusi. Ukafesa njere yake sutuluka mtengo wofanana nawo. Njira yake ndi kumezanitsa basi. Phunziro limeneli ndinkaliphunzitsa chaka chilichonse, ndikujambula pabolodi ndi choko. Koma ndinali ndisanamezanitsepo mtengo ngakhale umodzi.

Anadwala mu Juni, nthawi ya chisanu. Masabata atatu. Tinamuika Lachinayi.

Mkamwini mkazi wake akamwalira sakhalitsa pamudzi. Amadikira tsiku lomusudzula, katundu wa malemu n'kugawidwa kwa abale ake, iye n'kunyamula zake kubwerera kwawo. Amalume ake a mkazi wanga anandiuza kuti tsikulo lidzakhala Loweruka lomaliza la Seputembala. Sanalankhule mwankhanza. Ndinapempha kuofesi kuti andisamutsire kusukulu ya kufupi ndi kwathu, cha ku Bowe ku Dowa, ndipo anavomera.

Kuseri kwa bafa kunali mbande khumi ndi ziwiri zomwe anasiya asanamezanitse. Ankadikira kuti kuyambe kufunda. Ndinkazithirira m'mawa uliwonse chifukwa panalibe wondiuza kuti ndisiye. Tsiku lina, ndili ndi ndowa m'manja, ndinaona chinthu chodziwikiratu. Mtengo wa kuseri kwa apongozi sindingaunyamule, ndipo ndikachoka sindidzakhala ndi chifukwa chobwerera kudzathyolako peyala. Koma kanthambi kake kakanatha kupita nane ku Dowa.

Mpeni ndinaupeza m'thumba la juzi yake. Penti anali atatha yense, ndipo pomwe ankatsamiritsa chala chachikulu panali poyera mbee. Kachitsulo kotsekera kanali katathyoka kalekale, m'malo mwake ankakulunga mphira ya chubu cha njinga. Zigwiriro zinkagwedera kuposa tsiku lija. Nditautsegula ndinaona kuti mbali imodzi ndi yonoledwa mopendekeka, inayo ndi yosalala, yosakhudzidwa n'komwe. Ndinaganiza kuti ankanola mothamanga. Ndinamuchitira kachisoni kuti zaka zonsezi ankagwira ntchito ndi chida chopotoka, ine osamugulira chabwino.

Ndinapita nawo kwa bambo wokonza njinga pa malo ogulitsira a kufupi ndi mudziwo, yemwe amanolanso nkhwangwa ndi zikwanje pa gudumu lamwala.

"Aphunzitsi, pepani ndi zija zinachitika," anatero, n'kuutembenuza mpeniwo. "Koma uwu ndi mpeni kapena chomangira tsitsi?"

"Muulimbitse, muunolenso bwinobwino."

"Amene anaunolayu anali ndi diso limodzi. Taonani, kuno kulibe kanthu."

Sindinamuuze kuti anaunola ndani. Anakhoma timisomali tija ndi hamala mpaka tinaphwatalala, kenako anaugoneka pagudumu, mbali iyi, mbali inayo, moto ukuthetheka. Anameta nawo ubweya wa padzanja lake kundionetsa. Ndinamuthokoza.

Apongozi anga aakazi sitinkalankhulana maso ndi maso. Zaka zisanu tinkapatukirana panjira, monga ulemu umafunira. Choncho ndinatuma mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, mlimi wa fodya, kuti akandipemphere tinthambi. Anabwera ndi yankho lalifupi: "Akuti kaduleni." M'mawa womwe ndinapita, amayiwo anali atalawirira kudimba kuti ndipeze pabwalo palibe munthu.

Ndinamezanitsa mbande zisanu ndi imodzi. Mpeni unali wakuthwa zedi, koma ndikamasema kanthambi unkangolowa mkati kapena kuthawira kunja, posemapo n'kutuluka ndi kamimba. Ndikakalowetsa mumng'alu n'kukweza kudzuwa, kuwala kunkadutsa m'mbali. Ndinamanga mwamphamvu, ndikudziuza kuti pepala litseka mipatayo. Patatha masabata atatu tinthambi tonse tinali titada bii, touma ngati timitengo ta machesi topsa.

Mlamu wanga anandipeza nditakhala pamenepo madzulo ena. Anayang'ana mbandezo, kenako anatola mpeni pa njerwa.

"Alamu, mwautani mpeniwu?"

"Ndinakaunoletsa."

"Mbali zonse?"

"Eya."

Anayamba kuseka, n'kusiyira panjira. Anakhala pansi.

"Mlongo wanga ankanola mbali imodzi yokha. Inayo ankaisiya dala kuti izigona pamtengo, izitsetsereka molunjika. Ine ndinaubwereka kamodzi kudulira chingwe cha fodya, ndinangoupaka pang'ono pamwala kumbuyoku. Sabata yathunthu sanandipatse moni." Anapukusa mutu. "Kukoleji kuja simunaphunzire zimenezi?"

"Tinaphunzira chithunzi chake."

"Ndiye mukadzale chithunzicho ku Dowa," anatero, koma mawu ake anali ofewa. Analoza ndi mlomo kumbali kwa bafa. "Mwala wake ndi uwo."

Mwalawo ndinkaudutsa tsiku lililonse. Unali wafulati, wotuwa, ndipo chakumapeto kwake unali utakumbika kadzenje kosalala kotalika ngati chala. Ndinaikamo chala changa n'kuchichotsa.

Panatsala masiku khumi ndi awiri. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamwalapo ndi kapu ya madzi, kugoneka mbali imodzi ya mpeni kwathunthu, kukankha, kukoka, kuti ndidye chitsulo chonse chomwe gudumu lija linapendeketsa. Madzi ankasanduka akuda. Kangapo ndinadzisenda khungu la chala. Pa tsiku lachitatu chigwiriro chimodzi chinang'aluka pafupi ndi kamsomali, pomwe hamala inamenya kwambiri. Ndinachikulunga ndi mphira yake yomwe ija.

Pano ndiyenera kuunenera chilungamo mpeniwo. Zonse zomwe ndinaunenera ku Mponela zinali zoona. Zigwiriro zake ndi zachitsulo chosungunula, chosweka ngati mbale yadothi. Chotsekera chake ndi chonamizira. Suchedwa kubuntha, ndipo n'chifukwa chake mwala uja unakumbika. Munthu wofuna mpeni wodzasiyira ana ake asagule umenewu. Koma kufewa komweko n'komwe kunandilola kubweza kulakwa kwanga m'masiku ochepa. Ukanakhala wachitsulo cholimba, Loweruka lija likanandipeza ndikadali pamwala. Ndipo unali wopyapyala, wopepuka, wosavuta kuyenda nawo m'thumba, monga iye ananenera. Iye anaona ntchito yomwe ungagwire. Ine ndinaona penti.

Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi kumbuyo kwake kunali kwasalala, ngakhale mpeni wonse unali utachepa ngati tsamba la nsenjere. Ndinauyesa pa nthambi za bulugamu mpaka dzanja linaphunzira kukoka kamodzi osaima. Lachitatu ndinakadula tinthambi tina n'kumezanitsa mbande zisanu ndi imodzi zotsala. Ndinazikweza kudzuwa imodzi imodzi. Mu zinayi kuwala sikunadutse.

Loweruka anayala mphasa pabwalo. Panaikidwa zitenje zake, mapoto, nsapato, foni, juzi ija. Ndinatulutsa mpeni m'thumba mwanga n'kuuika pamwamba pa juziyo. Palibe anandifunsa za iwo, ndipo kupatula mlamu wanga palibe akanadziwa. Koma unali wake, ndipo za malemu zimatsala kwawo.

Amalume anagawa chimodzi chimodzi, akutchula wolandira. Atafika pa mpeni anaunyamula ndi zala ziwiri, zigwiriro zikulendewera.

"Nanga aka?"

Anakapereka kwa mlamu wanga. Iye anakalandira osandiyang'ana.

Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati ndikupempha mbande zisanu ndi imodzi za kuseri kwa bafa. Amalume anatembenukira kumene kunakhala amayi. Apongozi anga anali atafunda chitenje kumutu, nkhope atalozetsa kukhoma. Sanadutsire mwa amalume. Analankhula ndi ine.

"Tengani, bambo. Muziike pamthunzi. Madzi muzithira pansi, asamakhudze pomangapo."

Ndinawomba m'manja.

Ndinazinyamula pa njinga yamoto, zili m'beseni pamiyendo panga. Msewu wotsika m'mapiri muja ndi wa miyala yokhayokha. Pofika ku Bowe ziwiri zinali zitasuntha pomangapo. Zina ziwiri zinada m'kutentha kwa Okutobala. Ziwiri zinaphukira timasamba tofiirira. Ndinazidzala ndi mvula yoyamba kuseri kwa nyumba ya amayi anga, ndipo imodzi chiswe chinaidya mizu Khirisimasi isanafike.

Chaka chotsatira, nyengo yogulitsa fodya, ndinakumana ndi mlamu wanga ku Mponela. Tinapatsana moni wautali, kufunsana za kumudzi. Ndiye anati, "Kampeni kaja kanathyoka, alamu. Chigwiriro chinangogwa ndikudula chingwe. Ndinakaponya kudzala." Ananena mopepuka, monga munthu anenera za ndowa yobooka, ndipo sanalakwe. Ndinati zimachitika.

Titasiyana ndinadutsa pamzere wa ogulitsa matochi ndi maloko. Mipeni ya gulugufe inalipo, tsopano ya penti wobiriwira. Ndinatola umodzi. Timisomali tinkagwedera chimodzimodzi. Unali wonoledwa mbali zonse ziwiri, monga imachokera kufakitale. Ndiye kuti wake uja anachita kuusalaza yekha pamwala, masiku angati sindikudziwa, ine ndili m'nyumba momwemo ndikuchonga makope. Ndinaubweza pathebulo.

Mtengo wotsalawo tsopano ukundifika m'chiuno. Pomwe ndinamezanitsa pali chotupa chokhota, chosaoneka bwino, koma chagwira. Sunabereke, ndipo akuti upitabe zaka. Nthawi ndi nthawi pansi pa chotupacho pamatuluka timphukira ta mbande ya njere ija, tamphamvu kuposa nthambi za pamwamba. Tikasiyidwa timalanda chakudya chonse, kanthambi ka ku Ntchisi n'kufa. Ndimapitako m'mawa ndisanapite kusukulu, n'kutikonyola ndi chikhadabo.