Lamba wa mkazi mnzanga

Chaka chimene madzi anakokolola mapira athu kwa Mlolo, ine ndi mkazi mnzanga tinabereka mwezi umodzi. Ine ndinali wamkulu pamitala, iye wobwera dzulodzuloli. Tonse tinatuluka m'chikuta chiuno chikuwawa. Changa chinkamveka ngati mafupa akutsogolo akufuna kulekana, moti pokwera bwato ndinkachita kunyamula mwendo ndi manja.

Koma kwathu ululu woterewu sunkanenedwa. Akuluakulu ankati mkazi amene chiuno chakana kubwerera m'malo ndiye kuti anayenda ndi mwamuna wina ali ndi pakati. Apongozi anga ankakhulupirira zimenezi kuposa za kutchalitchi.

Kenako kunabwera dokotala wamkazi ndi anamwino, akuti akufufuza za kupweteka kwa chiuno kwa amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene. Wapampando wa chipani anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa bwemba. Dokotalayo ankatifunsa mmodzimmodzi, koma pagulu, apongozi atakhala pafupi kutchera khutu. Anayambira ine.

"Mayi, chiuno chimakupwetekani mukamayenda?"

Ndinayang'ana apongozi. "Nkhabe," ndinakana. "Ndili bwinobwino."

Mkazi mnzanga, amene manyazi anawasiya kwawo, anangoti, "Chimawawa zedi, ngakhale potembenuka pamphasa."

Ndinakhala bwino kudikira kuti ayaluke. M'malo mwake dokotala uja anafotokoza mokweza kuti mafupa amamasuka okha mwana akamakula m'mimba, palibe tchimo lililonse. Apongozi anangovomera ndi mutu, poti masiku amenewo mawu obwera pa galimoto ya boma sankatsutsidwa. Koma yankho langa linali litadutsa kale. Kulibweza kukanatanthauza kuti ndinali ndi chobisa.

Dokotala uja anamupatsa mnzangayo lamba wotambalala wansalu yolimba womanga m'chiuno, nkumuletsa kusenza zolemera. Mtsuko wake unasanduka wanga. Amuna athu ankamukweza panjinga kukamusiya kuchipatala kukapimidwa, iye atakhala cham'mbali ngati mkazi wa kalaliki, ine ndili m'thonje mwana kumsana. Poyeserera magule a mbumba, amayi ovina pamisonkhano ya chipani, iye ankaombera m'manja pamthunzi, ine ndikudula chiuno chomwecho, misozi ndikuimeza. Nsanje inandidya, sindibisa. Sindinkamufunira zoipa zazikulu ayi, ndinkangolakalaka lamba uja ataduka pakati pa anthu.

Tsiku lina pamtondo mkazi mnzanga anandiyang'anitsitsa. "Akulu, mukutsimphina. Mubwerekeko lambayu?"

"Za alendozo ndi za anthu osalimba," ndinamuyankha, nkusinja mwamphamvu kuti aone.

Iye anachira. Ofufuza anapita osabweranso. Lamba uja anakhalitsa patsindwi mpaka apongozi anamutsitsa nkumangira mbuzi kuseri kwa nkhokwe. Pamenepo nsanje yanga inasamukira kwa mbuzi.

Masana ena, onse ali kudimba, ndinaimasula mbuziyo nkuimanga ndi luzi. Ndinazunguliza lamba m'chiuno mkati mwa chitenje, nkukoka monga ndinkamuonera mnzanga. Ndinayenda kukafika kumadzi nkubwerera osapumira panjira. Ndinakhala pakhonde nkulira, chifukwa ndinaona kuti miyezi yonseyo mpumulo unali m'nyumba momwemo.

Madzulo amuna athu anakwinya mphuno. "Kodi mayi, mukununkha mbuzi bwanji?"

Mkazi mnzanga anayang'ana mbuzi ili paluzi, nkuyang'ana ine. "Ndi ine, bambo," anatero. "Ndimasesa m'khola."

Ngakhale chifundo chimenecho ndinamuchitira nacho nsanje.