Safa Ameneyu

Pampu ija inali yakuda, ya njinga, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu chifukwa chinali chitang'aluka. Ukaikankha inkalira ngati kamwana ka mbuzi, ndipo kamphepo kake kankanunkha girisi. Inali ya atsibweni, mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Eni ake ankapopera njinga basi, koma ine, kamtsikana ka sitandade wani, ndinkaidziwa ngati chodzutsira akufa. Musafulumire kundiseka. Ndinali nditaziona ndi maso angawa kambirimbiri, ndipo pomwe ndinkazionapo panali akuluakulu andevu zawo akuwomba m'manja.

Atsibweni anali ndi vidiyo sho pa Chamama, kuseri kwa magolosale. Chinali chisakasa cha mapulasitiki akuda ndi mitengo yotsala pomanga chigafa, mabenchi a matabwa osapala, tivi pamwamba pa mgolo, jenereta ikukhosomola panja. Mkatimo munkatentha koopsa, munkanunkha thukuta, petulo ndi fodya wopichira m'mapepala a makope. Ana aakazi sankalowamo. Ine ndinkalowa chifukwa amayi ankakhala ku nazale kothirira fodya, bambo anali atatisiya kalekale, ndipo kunalibe kwina kondisiya. Malo anga anali pansi, pafupi ndi mgolo, khosi lili chogadama.

Filimu yankhondo isanayambe, atsibweni ankayamba aika tizidole. Sidi yake anaigula kwa venda ku boma, yopanda chikuto, yopanda dzina. Tizidoleto sitinkalankhula chilankhulo chilichonse, ndiye atsibweni ankagwira maiki n'kumatilankhulira m'Chichewa. Munali chinyama china cha miyendo itatu, mphuno yake yaitali ngati mlomo wa kheni yothirira. Anthu anakangana mwezi wathunthu kuti n'chiyani. Ena ankati nkhumba, ena njovu yodwala. Tsiku lina kunabwera aphunzitsi athu, atavala malaya oyera osita bwino, ndipo anthu anawafunsa kuti agamule. Iwo anati si nyama iliyonse, munthu anangojambula zam'mutu mwake. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Nanga wojambulayo anachiona kuti?" Aphunzitsi anangopukusa mutu, koma anakhala mpaka tizidole titatha.

Zimene chinkachita chinyamacho, ha! Chinkatsegula chitseko choima chokha pakati pa tchire popanda nyumba, kulowa, n'kutulukira m'khutu mwake momwe. Maso ake ankagwa pansi, kumera timiyendo n'kuthawa, icho n'kumawathamangitsa chikugunda mitengo. Chikamva njala chinkathyola dzuwa, kulisenda ngati lalanje n'kudya, kunja n'kuda bii. Chikageya, kunja n'kuchanso. Masiku oyamba anthu sankaseka zimenezi. Ankangoyang'ana kukamwa kuli yasa. Mkulu wina, tenanti wa pa esiteti ina, anadzuka pakati pa sho, nati uwu ndi ufiti woonetsa masana, ndipo sanabwerenso. Anyamata ankakuwa kuti, "Ikani yankhondo, ife si ana!"

Chimene chinawagwira onse ndi kumenyedwa kwake. Chinyamacho chinkamenyedwa, abale inu. Nyundo pamutu, moto kumchira, sitima kuchiponda. Pamapeto pankatsika chichitsulo kuchokera kumwamba, chofanana ndendende ndi jeke yodindira mabelo a fodya, n'kuchipana mpaka kutsala chopyapyala ngati tsamba louma. Apa atsibweni ankatsitsa mawu, kulankhula ngati mkulu wa mpingo pa siwa: "Abale ndi alongo, mnzathu uja watisiya. Itanani adzukulu akakumbe." M'chisakasa monse zii. Kenako ankakuwa kuti, "Aaa, bodza! Safa ameneyu!" Nthawi yomweyo pankatulukira kambalame kovala nsapato, katanyamula pampu. Kankalowetsa paipi m'kamwa mwa chinyamacho, kupopa, kupopa, icho n'kufufuma, kudzuka, kudzisasa fumbi n'kumapita ngati palibe chachitika.

Kuseka kwake! Anthu ankagwa pa mabenchi. Woposa onse anali abambo ena angolo, amene ankanyamulira anthu fodya ndi chimanga, munthu wamkulu thupi wokhala kutsogolo nthawi zonse, chikwapu chake chili pamiyendo. Ankaseka mpaka misozi, akumenya phewa la aliyense woyandikana naye, n'kumapempha kuti, "Bwezani, achimwene, bwezani pomwe paja!" Atsibweni ankabweza. Nthawi zina ankanyamula pampu yawo yeniyeni n'kumapopa m'mwamba limodzi ndi kambalame, ine n'kumaona kuti ndi pampu imodzimodziyo.

Mawu aja anatuluka m'chisakasa n'kudzaza Chamama yense. Mwana akagwa pa mpira, anzake ankati safa ameneyu. Chidakwa chikagwa pa njinga, safa ameneyu. Abambo angolo akamakwapula ng'ombe yawo yotopa pa mtunda, mawu anali omwewo. Amayi okha ndiwo ankadana nawo. Anaonera kamodzi ataima pakhomo, kheni ili m'manja, nati, "Iwe, ukuphunzitsa anthu kuseka maliro." Atsibweni anayankha akuseka kuti, "Alongo, anthuwa fodya wawaliza ku okushoni. Asiyeni asekeko."

Ndinene pano, poti ndakula: tizidole sindikutiimba mlandu. Ana anga amaonera zoposa pamenepo pa foni ndipo sanaphe munthu. Amene amati zinachitika chifukwa cha kanema amandikwiyitsa kwambiri, chifukwa kanema alibe manja. Manja anali a anthu, ndipo ena mwa anthuwo ndimawapatsabe moni ndikapita kumudzi.

Inali nyengo ya makuponi, dzuwa la mwezi wa khumi likuwotcha mpaka mapazi. Amayi anali atalandira kuponi yawo ya feteleza, koma kukhala ndi kuponi n'kwina, kutulutsa thumba pa depoti n'kwina. Matumba ankabwera ochepa. Anthu ankagona pamzere, amayi ndi ana kumsana, pomwe mavenda ankalowera khomo lakuseri n'kutuluka ndi matumba anthu akuona. Amayi anaima pamzerepo mpaka mapazi anatupa, osatha kuvala ngakhale patapata. Popanda thumba limenelo chimanga chathu chikanakhala chachikasu chofika m'mawondo, ndipo njala tinali titailawa kale chaka chinacho. Atsibweni ataona mapaziwo anati, "Ndipatseni kuponiyo, alongo. Kalaliki wa pa depoti amaonera mpira kwa ine ulere." Amayi anakana kaye, kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kuwapatsa.

Tsikulo atsibweni anandisiya m'chisakasa ndikusewera ndi pampu, iwo n'kukwera njinga. Depoti sinali patali. Zimene zinachitika ndisanafike ndinazimva ndili wamkulu: kalaliki anali atangolengeza kuti feteleza watha, anthu abwerere, ndipo nthawi yomweyo atsibweni anatulukira kuseri akukankha njinga, thumba lili pa kaliyala. Wina anakuwa kuti venda. Wina anati wakuba. Panalibe amene sankawadziwa atsibweni pa Chamama, koma panalibenso amene anafunsa.

Ine chimene ndinamva ndi phokoso, ndipo m'phokosomo munali kuseka. Ndinasiya pampu n'kuthamangira komweko, poganiza kuti kuli zosangalatsa. Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anthu mpaka kutsogolo. Njinga inali pansi, gudumu likuzungulirabe. Thumba linali litang'ambika, feteleza ali mbwee pa dothi, amayi ena akuwola ndi manja kuthira m'zitenje. Atsibweni anali chogwada, dzanja limodzi atakweza m'mwamba, akuyesa kunena kanthu. Njerwa inawapeza pakamwa. Ndinaona mano awiri akugwera mu feteleza, woyera uja n'kuyamba kufiira.

Anagwa chafufumimba. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono, kunangoti zii, monga muja zinkakhalira m'chisakasa. Kenako atsibweni anagwira pansi ndi manja n'kuyamba kudzuka. Mnyamata wina anakuwa kuti, "Safa ameneyu!" Chigulu chonse chinaphulika ndi kuseka. Ndikunena zoona, anaseka, kuseka komwe kuja kogwa nako pa benchi. Abambo angolo anatsitsa chikwapu pamsana pa atsibweni, malaya n'kung'ambika. Ena anabwera ndi zikuni, wina ndi mpini wa khasu. Akagwa, ankawadikira. Akayesa kudzuka, mawu aja ankamvekanso, tsopano ambiri pamodzi ngati nyimbo, n'kuwagwetsanso ndi mateche m'nthiti ndi m'mutu. Mpaka lero ndimalakalaka akanangogona osadzuka. Koma munthu akamamenyedwa amafuna kuimirira kuti afotokoze, ndipo atsibweni anali munthu wokhulupirira pakamwa pake.

Atasiya kudzuka, ine sindinalire. Ndinkadziwa chotsatira. Ndinathamanga kubwerera ku chisakasa, minga ikundibaya osaimva, ndinatenga pampu n'kubwerera. Ndinapeza anthu atayamba kumwazikana, aliyense akuyang'ana kwake. Aphunzitsi anali atagwada pamenepo, mutu wa atsibweni uli pamiyendo pawo, malaya oyera aja atafiira mpaka m'manja. Ankakuwa ndi mawu osasa kuti, "Mwapha munthu! Mwapha munthu inu!" Nkhope ya atsibweni inali itatupa, diso limodzi losaoneka, ndipo pakhosi pawo pankamveka phokoso ngati madzi akuwira. Ndinagwada, ndinagwira paipi n'kuilozetsa pakamwa pawo. Aphunzitsi anandiyang'ana, anayang'ana pampu, ndipo nkhope yawo inachita zinazake zimene ndinali ndisanaonepo pa munthu wamkulu. Anandilanda. Ndinawaluma dzanja mpaka kusiya mabala a mano, koma sanandibwezere.

Amayi anafika akutsimphina ndi mapazi otupa aja, opanda mpango kumutu. Kulira kwawo sindikufotokoza. Panafunika chonyamulira munthu kupita naye kuchipatala, ndipo pa depoti panali ngolo imodzi yokha. Abambo angolo anaibweretsa okha, osapemphedwa, anathandiza kukweza atsibweni, n'kuyendetsa ng'ombe ndi chikwapu chomwe chija. Atsibweni anatsirizikira m'njira. Apolisi anabwera, anafunsa, ndipo Chamama yense anali sanaone kanthu. Feteleza wotsala aphunzitsi anamuwolera mu thumba long'ambikalo n'kutibweretsera pamodzi ndi njinga ndi pampu. Mvula itagwa amayi anakathira ku chimanga, wofiira yemweyo, chifukwa panalibe wina. Chimangacho tinadya.

Pa maliro panadzaza anthu. Ambiri ndinkawadziwa nkhope, za m'chisakasa ndi za pa depoti. Ankaimba nyimbo za mpingo mokweza bwino. Abambo angolo anali m'gulu la adzukulu, mapazi ali ofiira ndi dothi la kumanda, ataima pafupi ndi bokosi kudikira kunyamula. Ine mumtima munalibe chisoni, munali mkwiyo ndi aphunzitsi, komanso kuwerengera. Ndinkaidziwa sho yonse pamtima. Poyamba munthu amaphwanyidwa. Kenako pamabwera mawu achisoni ndi adzukulu. Kenako wina amanena mawu aja, ndiye pampu imabwera. Ndinaona kuti pa depoti ndinafulumira, adzukulu anali asanaitanidwe. Tsopano zonse zinali m'malo mwake, kungoti wogwira maiki ndi amene anali m'bokosi, ndiye panafunika wina womunenera. Pampu ndinali nditaibisa m'kati mwa diresi, ikundizizira pamimba.

Itafika nthawi yoona nkhope, amayi anandinyamula m'khwapa. Atsibweni anali atakulungidwa nsalu yoyera kuzungulira chibwano, thonje m'mphuno. Ndinakoka mpweya, ndinakweza mawu monga ankachitira iwo, ndipo ndinakuwa kuti, "Aaa, bodza! Safa ameneyu!"

Nyimbo inadukira pakati. Ndinadikira kuti aseke. Ndinayang'ana abambo angolo, poti iwo ndiwo ankayamba nthawi zonse. Anali akuyang'ana mapazi awo, kenako anatembenuka, anakankha anthu n'kupita kuseri kwa nyumba, komwe tinawamva akusanza. Amuna ena onse maso anali pansi. Ndinayamba kusolola pampu, koma amayi ananditseka pakamwa ndi dzanja lawo n'kundipanikiza pachifuwa mwamphamvu, pampu ili pakati pathu ikutibaya tonse awiri. Bokosi analikhomera ndikumva.

Sindinamvetse chifukwa chake mawu amene ankagwetsa Chamama yense ndi phwete anakanika tsiku limenelo. Ndinaganiza kuti ndinawanena molakwika, kuti mawu anga anali aang'ono kwambiri. Dzinja lonselo, amayi akapita kumunda, ndinkapita kuseri kwa chigafa ndi pampu ija n'kumayeserera kuwanena ndi mawu aakulu ngati a atsibweni, kuti tsiku lina ndikawanene bwino.