Burashi ya a Madamu ndi Nkhope ya Lusungu

Amene wandiumiriza kulemba izi ndi Wezi, mwana wa mng'ono wanga, uja ndi namwino. Akuti, "Amama akulu, nkhani imeneyi mwatitopetsa nayo, pamaliro, paukwati, ngakhale mu minibasi. Ilembeni kamodzi anthu awerenge, ife makutu apume." Chabwino, ndalemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 kwathu ku Nkhata Bay, ndiye mukaona pena papotoka ingodumphani, koma nkhaniyo muimve.

Ntchito yolandira pamwezi ine ndinaiona imvi zitayamba kale. Moyo wanga wonse ndinali wageni. Abambo akunyumba atamwalira ndinkachoka ku Masasa, kuno ku Mzuzu, m'mawa ndi dengu la nthochi ndi mapeyala, kukakhala m'mbali mwa msewu kumene kumagona ana a kuyunivesite. Nthawi imeneyo eni nyumba onse kumeneko anali atapenga. Ankatulutsa mabanja, kudula zipinda ndi mapulanga, kulowetsa ophunzira. Ngakhale khola la nkhuku, akangolipaka laimu, basi ndi hositelo. Masaluni nawo anangoti mbwee, pakhonde lililonse wina akuluka mnzake.

Tsiku lina panatsika mayi wachitsikana pa sakaramento, njinga zakabaza zathu zija, wonunkhira kuchokera patali. Akugula nthochi, koma maso ali pa ine.

"Monire amama. Kodi kumasoku mumadzola chiyani?"

Ndinati, "Yewo. Madzi a pampopi ndi sopo wamtanda, basi. Kwathu tonse tili chonchi. Amayi anga analowa m'manda opanda khwinya."

Anaseka. "Simungakonde ntchito ya pamthunzi?"

Ine bondo langa lakumanzere ndi chitunda cha ku Masasa sizimwerana madzi, makamaka mvula ikagwa, matope ofiira aja. Ndinavomera pomwepo, osafunsa n'komwe kuti munthu wa saluni akufuna chiyani kwa nkhalamba yosadziwa kuluka mesi. Dzina lawo sinditchula. Tizingoti a Madamu, monga tinkawaitanira.

Ndinkayesa ndizikasesa tsitsi. Ayi, anandiika ku kachipinda ka kumbuyo kotsukirako anthu kumaso, okha ankati feshiyo. Ntchito yake inali iyi. Kasitomala agona chagada pa kabedi, mum'manga thawulo kumutu kuti tsitsi lisanyowe. Muwiritsa madzi m'ketulo, muwasakaniza ndi ozizira m'beseni akhale ofunda. Muyatsa stima, kamakina kopemerera nthunzi kumaso kuti khungu lifewe. Mupaka sopo wamadzi. Kenako burashi.

Burashi imeneyo ndiye inali mfumu ya pasalunipo. Yoyera, kutalika ngati chitsononkho cha chimanga, yotchaja ngati foni. Kutsogolo kwake kunali kamutu ka tiubweya kochita kulumikiza. Mukadina batani kamodzi kamutuko kamazungulira modekha, mukadina kawiri kamathamanga n'kumalira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. A Madamu anaigula ku Tanzania, ndipo inabwera ndi timitu tiwiri, kofewa ndi kolimba. Kofewa kanathothoka msanga. Tinatsala ndi kolimba, kamodzi komweko, nkhope zonse za m'mahositelo. Wa mafuta kumaso, komweko. Wa ziphuphu za mafinya, komweko. Tikatha munthu tinkangokatsukuluza m'beseni n'kuitana wina.

Ndiye inu a ku Mzuzu mwezi wa Juni mukuudziwa. Kamvula kowaza kaja kosatha, malaya pachingwe mpaka Lamulungu osauma. Kamutu kaja sikankauma ayi. Kanayamba kununkha ngati thawulo loiwalika m'ndowa. Ndinati, "Madamu, kanthuka kayamba fungo." Iwo, "Thirani pafyumu, amama." Lamulo lawo lina linali lakuti, "Muzidinikiza. Munthu akalipira amafuna amve kuwawa, adziwe kuti ndalama yagwira ntchito." Ine ndinali ndani kuti nditsutse? Burashi ya magetsi ndinali ndisanaionepo chibadwire. Ndinkati eni ake akudziwa.

Panali kanthu kena kamene kankandidabwitsa. Atsikana akalowa ankandiyang'anitsitsa, kukodolana, "Ndi amama aja!" Ena mpaka kundigwira tsaya. Ine ndinkati akundidziwira ku nthochi. Komanso sabata yoyamba a Madamu anandiimika pawindo n'kundijambula, ati chithunzi cha chiphaso cha pantchito. Chiphasocho mpaka lero sindinachione. Foni yanga ndi ya mabatani, yoimbira ana ndi kuunikira magetsi akazima, ndiye za m'mafoni a anthu ine sindinkazidziwa.

Tsopano kunabwera Lusungu. Mwana wa ku Rumphi, woyera, waulemu chomene, wophunzira za uphunzitsi. Ana a masiku ano amakulonjera ali chiimire maso pafoni, koma uyu ankachita kupinda bondo. Anali ndi ziphuphu m'masaya ndi pachibwano, osati zoopsa ayi, za utsikana. Koma khungu lake linali lija losafuna zambiri, longolikhudza ndi thawulo lokhakhala lafiira kale, layamba kuyabwa. Iye mwini ananena pamaso pa a Madamu, "Khungu langa limakana zinthu zambiri." A Madamu anati, "Ndiye lofunika burashi kumene."

Atagona pa kabedi anandiuza chimene chinkamusowetsa tulo. Pakutha kwa mwezi amapita ku sekondale ina kukayeserera kuphunzitsa. "Amama, ana a Fomu 3 mukuwadziwa. Ndikangolowa m'kalasi ndi nkhope iyi, dzina andipatsa tsiku lomwelo, ndipo silidzachoka." Ankangofuna kukaima pamaso pa ana ndi nkhope yosalala. Basi.

Ulendo woyamba anadzuka nkhope ili psuu. A Madamu anati, "Ndi dothi likutuluka limenelo." Ulendo wachiwiri anabwera ziphuphu zitachuluka, zafika mpaka pachipumi pamene panalibe. A Madamu anati, "Zikutuluka zonse kuti zithe. Osalekeza panjira." Anamuuza azibwera pafupipafupi popeza nthawi yatha.

Tsiku limene ndikufuna mulimve linali Loweruka. Lusungu analowa atadziphimba ndi mpango mpaka m'maso. Atauchotsa, ndinaona zimene burashi yachita. Masaya atatupa, khungu lasendeka ngati la mbatata yophika, pena pakuchucha timadzi. Anati usiku akagona pilo amamatirira.

Ndinapita kutsogolo. "Madamu, mwana uja sangakhulidwe lero. Nkhope ili ndi zilonda."

Iwo akumata zikhadabo za kasitomala, osatembenuka n'komwe. "Lero ndiye lomaliza. Muikeni sikirabu, uja wa timchenga, burashi mudine kawiri."

Mchenga pachilonda! Ine ndalera ana, ndatsuka zilonda za moto, za njinga, za chikwanje. Sindinaonepo munthu akukwecha chilonda ngati poto. Ndinabwerera ku kachipinda. Ndinati, "Mwana wanga, dzuka. Vala mpango wako upite kuchipatala. Ine sindikugwira."

Lusungu anandigwira dzanja, misozi ili mbwe. "Amama, chonde. Inunso munali chonchi, munapirira. Nanenso ndipirira."

"Ine ndinali bwanji?"

Anatulutsa foni yake n'kundionetsa. Inu anthu. Zithunzi ziwiri zogundizana. Kumanzere mayi wina wakuda ngati ine, duku kumutu ngati ine, nkhope yonse zitupsa zokhazokha. Kumanja ine, NyaMhone, pawindo paja, ndikumwetulira ngati chitsiru poganiza za chiphaso. Pansi atalemba Chingerezi. Lusungu anandimasulira: ati amama awa anavutika ndi ziphuphu zaka zambiri, anachira ndi burashi yathu, bwerani mudzawaone nokha. Chithunzicho chinali chitazungulira m'magulu onse a m'mahositelo.

Ndiye kundigwira masaya kuja n'kumeneku. Ndiye ntchito ya pamthunzi ija n'imeneyi. Ine ndinali chikwangwani. Mwana wa eni ake amagona pa kabedi kaja, kuluma mano, burashi ikumusenda, akuyang'ana nkhope yanga n'kumati mawa ndifanana ndi amama awa.

Ndinatenga foni ija n'kutuluka nayo. Mawu anga ndi a kunyanja, sindidziwa kunong'ona.

"Madamu, uyu wa kumanzereyu ndi ndani?"

Makasitomala onse anatembenuka kutiyang'ana.

"Amama, tikambirana kuseri."

"Yayi! Munandijambulira poyera, tikambirana poyera. Ndi ndani ameneyu? Ndi liti ine ndinadwala ziphuphu?"

Anadzuka, kupukuta manja pang'onopang'ono. "Amenewo ndi malonda, amama. Aliyense amatero. Mumaganiza ndinakutengani pa nthochi paja chifukwa cha manja anu? Ndinalemba ntchito nkhopeyo."

Mawu amenewo mpaka lero akandibwerera ndikutsuka mbale, ndimapeza ndaphwanya kapu. Ndinati, "Nkhope iyi anandipatsa ndi amayi anga, simunandigulire ku Tanzania. Ndipo ya mwana uja ndi ya amayi akenso. Lowani mukaione zimene mwachita."

Sanalowe. Anaitana mtsikana woluka tsitsi, "Siya kaye zimenezo, kamalize feshiyo." Kenako anakuwira Lusungu, "Ukalekeza lero ukhala choncho mpaka kalekale, usadzandinene ine."

Apa ndiye panali povuta. Ndinapeza Lusungu wagonanso pa kabedi, wadzimanga yekha thawulo kumutu. Mantha, inu. Munthu akaopa amakhulupirira amene akulankhula Chingerezi. Woluka uja waima pakhomo burashi ili m'manja, nayenso akuchita mantha ndi ntchito yake.

Ndinakhala pa kabedipo, ndinavula duku. Ine pafupi ndi khutu la kumanja ndili ndi mphini zitatu, ananditema ndili mwana chifukwa cha litsipa. Ndinatenga chala cha Lusungu n'kuchiyendetsa pamenepo. "Wazimva? Tsopano kuza chithunzi cha mayi uyo, uzipeze." Ndinamubwezera foni ija, anakuza. Anayang'ana, anayang'ananso. Palibe. Ndinayendetsa chala chake m'masaya mwanga. "Munthu amene anadwala zitupsa ngati zimenezo amakhala ndi maenje, ndi madontho. Ali kuti? Burashi iyi sinakhudzepo nkhope yanga ngakhale tsiku limodzi. Ndikulumbira pali amuna anga ali m'manda."

Lusungu anadzuka. Kenako anamasula thawulo lija yekha, n'kulipinda bwinobwino, mwana waulemu mpaka pamenepo. Ine epuloni sindinapinde. Ndinaiponya m'beseni la madzi. Tinatuluka limodzi, a Madamu akukuwa kumbuyo kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ngati ndinali ndi maganizo obwerera.

Ndinamuperekeza kuchipatala tsiku lomwelo. Adokotala anati khungu lasupuka ndipo mwalowa tizilombo. Anamupatsa mankhwala akumwa ndi opaka, n'kumuletsa chilichonse chokhula. Madzulo ndinakafotokozera Wezi, ndipo ndi iye anandiphunzitsa zimene a Madamu anayenera kudziwa asanatenge ndalama ya munthu. Ndizilemba monga anandiuzira.

Burashi si yoipa payokha. Koma pa chiphuphu chofiira, chotupa kapena cha mafinya, isayandikire, imachiphulitsa n'kumwaza zoipazo nkhope yonse. Ngati khungu lako ndi losachedwa kufiira ndi kuyabwa, manja ako ndi madzi ofunda ndi sopo wosaluma n'zokwanira. Ukaumirira burashi, kamutu kakhale kofewa, kakhale kako wekha ngati mswachi, ndipo uyambe wayesa pang'ono m'mbali mwa chibwano uone mawa lake. Dina kamodzi, osati kawiri. Osadinikiza, ingoyendetsa pamwamba kanthawi kochepa, ndipo osati tsiku lililonse. Sikirabu ndi burashi pamodzi, ayi. Ukatha, chotsa kamutu, katsuke ndi sopo, kaume gwa. Ndipo ikawawa, leka. Kuwawa si dothi likutuluka. Kuwawa ndi khungu likulira.

Lusungu anapita kukaphunzitsa. Zilonda zinali zitauma, koma m'malo mwa tiziphuphu tija anapita ndi madontho akuda masaya onse. Dzina anamupatsadi ana aja. Sanandiuze kuti ndi dzina lanji, ine sindinafunse. Anamaliza sukulu, pano ndi mphunzitsi, ndipo ndinakumana naye chaka chatha ku Chibavi pa ukwati wa mwana wa mnzanga wa kumvano. Anandikumbatira, wanenepa bwino. Tsaya la kumanja layera. La kumanzere, pamene burashi inkayambira, pali timaenje mpaka lero, ufa wodzola umangokhalamo.

Anthu amati, amama, khululukani, zinapita. Za chithunzi changa mwina ndingakhululuke, ngakhale kutchalitchi amayi ena anandifunsapo kuti ndinachira bwanji. Koma timaenje tija ayi. Mwana anabwera ndi nkhope ya utsikana imene ikanapola yokha, ananena ndi pakamwa pake kuti khungu lake limakana, ndipo munthu wamkulu anamva n'kunena kuti dinikizani. Ine ndinabwerera ku dengu langa, bondo likuwawa, koma tulo ndimagona.

Ndiye inu mwawerenga, musaisunge. Muli ndi mwana ku hositelo, mdzukulu, mlamu, kapena mtsikana wa kwaya amene amabisa masaya ndi mpango? Mpatseni awerenge, nayenso apatse mnzake wogona naye chipinda, asanagone chagada pa kabedi ka munthu. Ndipo akafika pa salunipo afunse kaye kuti kamutu ka burashi kachokera pa nkhope ya ndani. Yewo chomene.