Nsapato za Mtembo

A Chidendene ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya utoto, moyang'anana ndi pokwerera basi. Dzinalo anawapatsa anthu chifukwa sankayang'ana munthu kumaso. Ukawapatsa moni, ankayankha chidendene chako.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamwamuna, ndipo anamugwiritsa sindano asanadziwe n'kupukuta mamina komwe. Koma atamera ndevu, tsiku lina mwanayo anaponya sindano pansi makasitomala akuona.

"Ine, bambo, sindingakalambe ndikununkhiza mapazi a anthu ngati inu."

A Chidendene sanakalipe. Anatola sindanoyo n'kuipukuta pa thalauza.

"Pita. Ndidzakuyankhula uli mtembo."

Anapitadi, n'kumakakankha wilibala kuseri kwa msika. Zaka zinadutsa. Akakumana pamsewu, bambo ankayang'ana kumwamba, komwe chibadwire sanayang'aneko. Akazi awo anachonderera mpaka mawu kusasa, koma yankho linali limodzi: "Mayi a mwana, malovu ukalavula sabwerera mkamwa."

Tsono mkuluyu analinso katswiri wa zisudzo. Aphunzitsi ena opuma ntchito anali ndi kagulu kawo mu holo ya pafupi, ndipo chaka chilichonse ankaonetsa sewero lakalekale lomvetsa chisoni: mfumu imathamangitsa mwana wake, pomaliza n'kumubweretsera ali mtembo. Mfumuyo inali a Chidendene, chisoti cha katoni kumutu, kachidutswa ka anyezi m'kampango. Ankalira mokoma, amayi m'holo n'kumafwenthera. Za mwana wa m'sewero misozi mbwee, za wawo wobereka maso gwa.

Chaka china, amene ankagona pamachira ngati mtembo anadwala chifuwa, ndipo mtembo wotsokomola ndi manyazi. Amene ananong'oneza aphunzitsi dzina la wina woti agonepo, kafunseni mayi a mwana. A Chidendene sanauzidwe kanthu.

Masana a tsiku la sewero holo inadzaza. Sewero litafika kumapeto, anyamata analowa ndi machira n'kuwatula pamaso pa mfumu. Nsalu yofunditsa inali yaifupi, mapazi anatulukira. A Chidendene, mwa chizolowezi chawo, anayamba ndi kumapazi.

Nsapato zofiirira. Msoko wopingasa pachidendene, ulusi wapawiri. Msoko umenewo ndi wa dzanja limodzi lokha m'tauni yonse, ndipo nsapatozo anazisoka okha mwana wawo akumaliza sukulu. Pansi pake zinali zitabooka, pabowo pakuonekera katoni yonyowa.

Mawu a sewero anawathawa. Anyezi anagwa pansi.

"Mwana wanga!" aphunzitsi ananong'ona kuseri kwa katani. "Nenani kuti mwana wanga!"

A Chidendene anagwada. Anagwira phazilo ndi manja onse awiri. Linali lofunda. Koma iwo anaona tsiku limene lidzakhale lozizira, tsiku limene analisankha okha ndi pakamwa pawo.

"Iwe," anatero. "Dzinja lonseli wayenda chonchi? Bambo ako ali osoka nsapato?"

Ena kumbuyo anaseka, kuganiza kuti ndi za m'sewero. Kenako holo inangoti zii, chifukwa nsalu ija inayamba kugwedezeka. Mtembo unkalira.

"Ndinati ndidzakuyankhula uli mtembo. Ndauona mtembowo, sindikuufuna. Dzuka."

Sewero linathera pomwepo, ndipo aphunzitsi mpaka lero amadandaula kuti mawu abwino onse anali kutsogolo. Ufumu a Chidendene anausiya. Akuti kulira kwa anyezi sakuthanso.

M'mawa mwake mwana anali pabenchi pakhonde paja, mapazi ali pamtunda. Kusintha pansi pa nsapato ndi ntchito yoti munthu amadikira ataimirira. Koma dzuwa linafika pamutu a Chidendene akusoka, kumasula, n'kusokanso.

"Bambo, simunamalizebe? Wilibala ikundidikira," anatero mwanayo akuimirira.

"Idikire," anatero a Chidendene, maso ali pa nkhope ya mwana wawo. "Ulusi wake ndi wovuta uwu. Khala pansi."