Apongozi Anga ndi Galimoto ya Zitseko Ziwiri

Galimotoyo ndinaigula chaka chimene anandikweza kukhala mkulu wa makalaliki pa esiteti ya tiyi. Munthu akakwezedwa pantchito amafuna chomuchitira umboni pamsewu, chifukwa kalata ya abwana imangokhala m'kabati. Anzanga amene anakwezedwa ine ndisanafike anagula galimoto zanzeru, zonyamula banja lonse ndi matumba a chimanga pamwamba. Inenso ndinapita ku Limbe ndi maganizo omwewo. Koma pamalo ogulitsira galimoto zakale zochokera kunja, kumbuyo kwa zinzake zonse, kunali ina yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati yagwada. Inali yotsika mtengo kuposa zonse pamalopo.

"Iyi si ya aliyense, bwana," anatero wogulitsa. "Anthu amabwera, amaiyang'ana, amaiopa."

Mawuwo ndinawamva ngati akundiyamikira. Munthuyo ankangonena zoona.

Nditafika nayo ku nyumba za kampani, anthu anatuluka m'makomo ngati kwabwera alendo a boma. Akazi anga anaizungulira, anasuzumira pawindo, kenako anaweramuka.

"Ana azikhala pati?"

Ndinawafotokozera kuti galimoto zamtundu umenewu amazipangira liwiro. Anafunsa ngati liwirolo lili ndi mpando wakumbuyo. Linalibe. Munali mipando iwiri yokha, ndipo buti yake mukaikamo thumba la makala chitseko sichinkatsekeka.

Liwiro lakelo ndinkangolimva m'mbiri. Msewu wochokera kunyumba kukafika pa tala unapangidwira mathirakitala, ndipo mwala uliwonse wa mumsewumo unkaidziwa mimba ya galimoto yanga. Pa tala pake panali mahampu. Pa Chinakanaka ndinkachita kuwakwera chammbali, tayala limodzilimodzi, ndikuluma mano, kwinaku akabaza akundipitirira atanyamula nanazi. Ena ankandilizira belu. Mmodzi ankandipatsa sawasha tsiku lililonse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati unali ulemu.

Mafuta inkamwa ngati ili ndi chisoni. Nthawi imene petulo ankasowa, ndinkaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo ochepa amene ndapezawo ankathera panjira yobwerera. Ndinayesako petulo wa m'zigubu amene anyamata amaolotsa kuchokera kutsidya la malire. Galimoto za anthu ena zinkamwa osadandaula, koma yanga inayamba kutsokomola. Apa m'pamene ndinadziwana ndi makaniko wa pa Chinakanaka.

Bamboyo anaikonda galimoto yanga kuposa mmene ndinkaikondera ine. Akaimva ikubwera ankasiya chilichonse, n'kupukuta m'manja, n'kudzandichingamira pamsewu. Chilichonse chimene chawonongeka sichinkapezeka m'dziko muno. Matayala ake anali opyapyala ngati lamba, ochita kuitanitsa ku Joni, ndipo dzenje limodzi linkakwanira kuphulitsa limodzi. Ekizozi inathothoka, bampala anang'ambika, mashoko analira. Chaka chimenecho makaniko anafolera nyumba yake ndi malata, ndipo mkazi wake anayamba kunditumizira nthochi.

Kumalo kwathu munthu wa galimoto ndi wa anthu onse. Amanyamula odwala, amapita kukanena uthenga wa maliro, amatenga akwati kutchalitchi. Yanga inalephera zonsezi. Wodwala sankatha kulowamo, mkwatibwi akanalowa mkwati akanatsala, ndipo kumaliro phokoso lake linkasokoneza nyimbo. Anthu analeka kugogoda pakhomo panga. Ndinamva kuti kuchigayo ankati galimoto ya akalaliki ndi yaumbombo, ndipo sankanena galimoto yokha.

Akazi anga anapirira mpaka tsiku limene tinadya nandolo sabata yonse chifukwa cha pampu ya mafuta. Anandiuza kuti galimoto igulitsidwe mwezi usanathe. Ndinavomera pakamwa. Sabata yomweyo kunabwera uthenga wochokera ku Limbuli woti apongozi anga, mayi awo a akazi angawo, dzino lawasowetsa tulo ndipo akufunika kupita kuchipatala cha paboma.

"Ipinduleko kamodzi isanapite," anatero akazi anga.

Apongozi anga anabwera m'dziko muno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, wapansi, akazi angawa ali kumsana. Anakhazikika ku Limbuli, kumene ankagulitsa nyemba pamsika. Ine ndi iwo tinkalemekezana monga mwa mwambo. Sitinakhalepo pamphasa imodzi. Popatsana moni iwo ankagwada chapatali atayang'ana kumbali, ine n'kunjuta ndikuyang'ana nsapato zanga. Nkhani iliyonse pakati pathu inkadzera mwa mwana wawo. Tsopano anthu awiri amenewa tinayenera kukhala m'kagalimoto kamene mapewa amagundana.

Akazi anga anatsogola pa minibasi kukawakonzekeretsa. Kuwalowetsa m'galimoto inali ntchito ya azimayi atatu, chifukwa mpando wake unali pafupi ndi dothi, ndipo apongozi ankangotsika, kutsikabe, mpaka anaufika ndi kamkuwo kakang'ono. Mwana wawo anawamanga lamba, n'kubwerera kukadikira minibasi ina. Tinanyamuka awiriwiri.

Vuto ndinaliona titangolowa pa tala. Giya ya galimotoyo inali pakati pa mipando, ndipo chitenje cha apongozi chinali chitaiphimba. Kuti ndisinthe giya ndinayenera kupisa dzanja pafupi ndi bondo lawo. Ndinaganiza zoti tikafike paboma ndi giya yomwe ndinanyamukirayo. Injini inkalira ngati nkhumba yomangidwa, koma tinkayenda liwiro la maliro. Minibasi imene anakwera akazi anga inatipitirira, ndipo ndinawaona atatulutsa mutu pawindo.

Apongozi anali atagwira tsaya, nkhope ataloza kuminda ya tiyi. Patapita nthawi analankhula, osatembenuka, ngati akuuza windolo.

"Kodi karo ameneyu nayenso akudwala?"

Karo ndi mmene ankatchulira galimoto, mawu a kwawo.

"Ayi, amayi, ali bwino."

"Anthu amati amathamanga."

Ndinakhosomola, n'kunena kuti pali chitsulo china chimene nsalu yawo yaphimba. Anakoka chitenje chawo mwakachetechete, n'kupanikiza mawondo kuchitseko. Ndinasintha giya. Kutsogolo kunali msewu wowongoka, phiri lili kudzanja lamanja, ndipo kwa nthawi yoyamba chiigulireni ndinaiponda galimoto ija mmene anaipangira. Mitengo inayamba kuthawira kumbuyo. Minibasi ya akazi anga tinaidutsa ngati yaima. Ndinamva kaphokoso pambali panga, ndipo ndinaganiza kuti mayiwo akulira. Ankaseka. Dzanja anali atalichotsa patsaya.

"Wonjezani pang'ono, apongozi," anatero.

Ndinawonjezera. Pakona yotsatira panali apolisi apamsewu. Wapolisi atawerama pawindo, apongozi anamuuza mwaulemu wonse kuti asawakalipire bambowa, amene wawatuma kuthamanga ndi iwo. Wapolisiyo anawathokoza chifukwa cha chilungamo chawo, ndipo chindapusa analembera ine.

Dzino analizula tsiku lomwelo. Sabata yotsatira kunabwera uthenga woti diso likuwayabwa. Kenako linali bondo, kenako kamutu. Matenda onsewa ankafuna chipatala cha paboma, ngakhale kufupi ndi kwawo kunali china, ndipo ankachira tikangodutsa pamsewu wowongoka uja. Patapita miyezi analeka kudzivutitsa ndi matenda. Ankangotumiza mawu akuti Loweruka kuli chinkhoswe ku Thuchila, kapena akufuna kukazonda mnzawo wa kutchalitchi. Anagula mpango wofiira. Pofika pamsika ankandiuza kuti ndiime pakati penipeni, pamene azimayi anzawo a nyemba angaone bwino, ndipo ankachedwa kutuluka.

Akazi anga anali atadalira kuti mayi awo awathandiza kundikakamiza kugulitsa. Tinapita ku Limbuli Lamlungu lina kuti nkhaniyi ikathe. Iwo anayala zonse: nandolo, nsapato za ana, malata a makaniko. Ine ndinakhala pachitsa chapatali, ndikuvomereza ndi mutu, chifukwa zonse zinali zoona. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Iwe sukumbuka, unali kumsana," anatero kwa mwana wawo. "Ine ndinayenda wapansi mpaka zikhadabo za kumapazi zinachoka. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikukwera njinga za anthu ndi malole a nyemba. Lero ndapeza mpando wanga, ukuti augulitse?"

"Amayi, petulo wake ndi amene akutipha."

"Gazolina ndithandizako."

Analowa m'khola n'kutuluka ndi nkhuku. Ndinailandira ndi manja awiri. Nkhuku imeneyo, ikanagulitsidwa, ikanatifikitsa pamphambano ya kwawo komweko, koma nkhani inathera pomwepo. Pobwerera akazi anga anakhala pampando wa mayi awo, nkhuku ili pamiyendo. Anaiphika tsiku lomwelo ndipo ine anandipatsa khosi.

Galimotoyo inatha ndi mvula. Ine ndi apongozi tinkachokera ku chinkhoswe china masana, itagwa mvula ya ku Mulanje ija imene imagwa ngati yakwiyira munthu. Panjira yafumbi yolowera kwawo, kamtsinje kanali katasefukira pamsewu. Ndinaima. Minibasi inabwera kumbuyo kwathu, inaoloka, n'kumapita.

"Chikhwakhwa chimene chija chaoloka," anatero apongozi. "Ife titsale?"

Ndinayesa kufotokoza kuti galimoto yathu imapumira m'munsi. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene chaka cham'mbuyo sichikanachitika, ndipo ndinaona kuti ulemu wanga wonse uli pamadziwo. Ndinalowa. Titafika pakati injini inameza madzi, inagwedezeka, n'kukhala chete. Madzi anayamba kulowera m'zitseko. Apongozi anavula nsapato, anaziika pamutu, anatuluka okha popanda wowadzutsa, n'kuoloka. Ali kutsidya anaitana anthu a m'mudzimo kuti adzakankhe, ndipo ankawalangiza pogwira kuti asakande penti.

Makaniko anabwera m'mawa mwake pa njinga yamoto. Anatsegula boneti, anamasula apa ndi apo, kenako anavula chipewa. Anati injini yafa, ndipo ina yotere sangaipeze ngakhale ku Joni pokhapokha itachokera kumene galimotoyo inabadwira. Mtengo umene anatchula unali woti ndigule galimoto ina yathunthu, yamipando yokwanira. Ndikukhulupirira kuti chisoni chake chinali chenicheni, chifukwa anali atayamba kumanga khitchini.

Kunapezeka munthu wa ku Limbe wofuna kuigula kuti akaiphwasule. Akazi anga anayamba kuimba nyimbo posesa. Koma galimotoyo inafera pafupi ndi kwa apongozi, ndipo anthu aja anaikankhira pabwalo pawo. Wogula uja atafika ndi lole, anapeza mayiwo atakhala m'kati, zitseko atakhoma. Anamuuza kudzera pawindo kuti chinthu chofera pakhomo pa munthu sachinyamula ngati mbuzi yakuba, ndipo ngati akufuna nkhani akambe ndi eni pakhomo. Munthuyo anandiimbira foni. Ndinamuuza kuti ine ndine mkamwini chabe. Anandilipiritsa mafuta a lole yake.

Ili komweko mpaka lero. Apongozi anaimangira chisakasa cha udzu kuti isapse ndi dzuwa, ndipo mitengo yake ndinagula ndine. Ine kuntchito ndimapita pa kabaza wa njinga yamoto, ana ali ndi nsapato, ndipo akazi anga amati chimenecho ndi chinthu chanzeru chokha chimene madzi a mvula anachitapo pabanja pathu. Masana apongozi amakhala m'galimotomo n'kumasankha nyemba, zitseko zili chitsegukire. Anasamukira kumpando wa dalaivala. Alendo olemekezeka, monga abusa ndi ankhoswe, amawakhazika pampando winawo, ndipo ena amafunika kuwakoka potuluka.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona. Anandipatsa moni ali chikhalire, dzanja lili pachiwongolero, n'kundilozera mpando wa alendo. Tinacheza za mitengo ya nyemba ndi za mnzawo amene anamwalira. Nditatsanzika anandiperekeza mpaka kutsogolo kwa galimoto, n'kuima.

"Tayala ili laphwa, apongozi."

"Koma amayi, galimotoyi siyenda."

"Ndikudziwa. Koma yapendekeka, ndipo anthu odutsa akuona."

Ndinabwereka pampu kwa wokonza njinga wa pamsika. Tayalalo linakana mpweya, linali litang'ambika m'mbali. Madzulo ake ndinaimbira makaniko wa pa Chinakanaka, ndipo anayankha foni isanaitane kawiri.